Ndinapereka wotchi ngati mphatso, anandibwezera 1 yuan, ndalakwa chani?

Nachisale:
Abale ndithandizeni maganizo, kuyambira Loweruka mutu wanga sukugwira. Ndili ku Guangzhou ku China kuno pasukulu chaka chachiwiri, ndimachita lendi kachipinda kwa mayi ena ake, munthu wabwino zedi, nthawi ina nditadwala anandiperekeza okha kuchipatala mpaka kumandimasulira zomwe adokotala akunena. Nde bambo awo amakwanitsa zaka 70, anandiitana kuphwando ku lesitilanti, matebulo atatu odzadza achibale okhaokha, mlendo ndinali ine ndekha. Ndinati sindingapite chimanjamanja, ndinagula wotchi yapakhoma yathabwa yokongola, 180 yuan, kwa mwana wasukulu imeneyo ndi ndalama ndithu, ndinaikuta ndi pepala loyera lonyezimira mpaka kaliboni pamwamba. Agogowo analandira ndi manja awiri nkuika pambali osatsegula, koma kamdzukulu kawo kena kosamva kanang'amba pepala lija. Abale tebulo lonse linangoti zii. Azakhali ena analankhula mothamanga chi Cantonese chomwe ine sindimva, agogo anaseka kuseka kouma, kenako mayi aja anayamba kupisa m'chikwama, sanapeze chomwe amafuna, anafunsa tebulo lonse, paja kuno aliyense amalipira pafoni nde ndalama yachitsulo ndiyosowa, mpaka wina anaipeza m'thumba la jekete. 1 yuan. Anandiika m'manja nkundifumbatitsa zala, akuti tenga tenga. Ine manyazi, chakudya sichinalowenso. Kodi amatanthauza kuti mphatso yanga ndi ya 1 yuan? Kapena nkundithamangitsa panyumba mwaulemu? Kunyumbaku akundilankhula bwinobwino koma ine ndikumalowa mozemba ngati wakuba.

Mai a Mapasa:
Kkkkk pepa mwanawe sindikuseka iwe, koma wotchi? Kwa agogo a zaka 70? Dikira abwere Bambo a Tadala akufotokozere, amenewo China amaidziwa ngati kuseri kwa nyumba yawo.

Bambo a Tadala:
Ndabwera. Mwana wanga khala pansi umwe madzi, palibe wakunyoza, mayi amenewo anakupulumutsa. Ine ndayenda ku Guangzhou ndi ku Yiwu zaka zambiri kukapikula katundu nde izi ndinaziphunzira mowawa. Mu Chitchaina mawu oti kupereka wotchi amati song zhong, ndipo amamveka ndendende ngati mawu ena otanthauza kukhala pambali pa kholo likamatsirizika mpaka kuliika m'manda. Zilembo zake nzosiyana koma m'khutu ndi chimodzimodzi, mu chi Cantonese momwemonso. Nde tangoganiza, munthu akusangalala kuti wafika zaka 70, iwe wabwera ndi chinthu chomwe dzina lake likuti ndabwera kudzakuperekezani kumanda. Pepala loyera lija linangothira mchere pachilonda, kumeneko choyera ndi mtundu wa maliro, chachisangalalo ndi chofiira. Tsono 1 yuan ija ndi mankhwala ake. Akakupatsa kandalama ndekuti wotchi ija sinapatsidwe, yagulidwa, iwe wasanduka wogulitsa iwo ogula, tsoka lathera pomwepo. Mmene amapisa m'zikwama muja amathamangira kukuchotsa m'dzenje usanadziwe nkomwe kuti wagweramo.

Nachisale:
Mayo ine. Bambo mukunena zoona? Ine ndinakhala usiku wonse ndikuiyang'ana ndalama ija ndikulira kuti andichepetsa

Bambo a Tadala:
Zoona mwana wanga. Ukanagula ya pamkono sizikanavuta kwenikweni chifukwa imeneyo ili ndi dzina lina, amati biao. Vuto ndi yapakhomayo ndi yapatebulo.

Kambuku:
Koma tinene chilungamo, izi nzikhulupiriro chabe. Wotchi ingaphe munthu? Mtsikanayu wawononga 180 yuan yake ndi mtima wabwino, mmalo momuthokoza akumuchititsa manyazi pagulu, ndipo pano ndi iyeyo akuzembazemba ngati wapalamula. Bwanji nthawi zonse mlendo ndi amene azipindika? Iwo sangamvetse kuti munthuyu si wakwawo?

Mai a Mapasa:
A Kambuku mwawerenga bwino koma? Anamvetsa, nchifukwa chake anafunafuna ndalama ija. Akanakhala osamvetsa akanangoitaya mu bini wotchiyo mwanayu atachoka, osamuitananso mpaka kalekale.

Wa ku Nagoya:
A Kambuku ine ndinkaganiza ngati inuyo ndisanapite ku Japan. Anthu ambiri amene amasunga zinthu izi sikuti amakhulupirira kuti wina afa mawa ayi, chimene chimachitika nchoti mwawakumbutsa maliro pamalo osayenera, mtima umangoti go. Ine sabata yanga yoyamba ku labu tinapita kukadya ndi apulofesa, ndinafuna kutenga foni m'thumba nde timitengo todyera tija ndinangotibaya mumpunga chilili kuti tisagwe. Mnyamata amene anakhala pambali panga sanalankhule kanthu, anangotizula mwakachetechete nkutigoneka pakachidutswa kamene amaikapo, nkhani zikupitirira ngati palibe chachitika. Patapita miyezi ndi pomwe anandiuza kuti mbale ya mpunga yobayidwa timitengo chilili amaika pafupi ndi mutu wa munthu womwalira. China choopsa kuposa pamenepo ndi kupatsirana chakudya kamtengo ndi kamtengo. Ku Japan pafupifupi aliyense akamwalira amawotchedwa, nde akatha kuwotcha achibale amaimirira mozungulira nkumatola mafupa ndi timitengo titalitali kuika mumtsuko, kuyambira a kumapazi kumalizira a kumutu kuti munthuyo asakhale chadodolido mumtsukomo. Ndi pamenepo pokha pomwe anthu awiri amagwira chinthu chimodzi ndi timitengo. Nde iwe ukamupatsira mnzako nyama choncho patebulo, wina amene anaika mayi ake mwezi watha akuona mafupa a mayi ake. Chimenecho si chikhulupiriro bwana, ndi chikumbutso cha maliro.

Nachisale:
Eish zimenezo zandigwira mtima. Timitengo tobaya mumpunga kunonso amaletsa, amati timaoneka ngati lubani woyatsira akufa, chimenecho chokha ndinachidziwa msanga

Wa ku Nagoya:
Koma chomwe chinandichititsa manyazi zedi sichinali cha maliro kkkk. Kunyumba kwa apulofesa omwewo, nsapato wavula pakhomo, akupatsa masilipasi a m'nyumba, ukafika kuchimbudzi pali masilipasi enanso a mchimbudzi mokhamokha, umasintha pakhomo pa chimbudzipo. Ine kusintha polowa ndinasintha bwinobwino, potuluka ndinaiwala, ndinayenda nawo mpaka pabalaza, apulasitiki obiriwira olembedwa kuti a mchimbudzi pamwamba pake, ndakhala pansi ndikumwa tiyi mwaulemu wonse. Kamwana kawo ndi kamene kanaloza. Mpaka lero ndikakumbuka ndimatuluka thukuta.

Nesi wa Usiku:
Mwandipha kkkkkk. Ana ndi amene amaulula nthawi zonse eti, kwa Nachisale kamdzukulu, kwa inu kamwana. Akuluakulu amangokuyang'ana uku akumeza mate. Yanga inali ku England kuno chaka changa choyamba mu wodi. Agogo ena aamuna anali kutali pang'ono pabedi lakumapeto, ndimafuna kuwafunsa ngati shuga mu tiyi ndithire masupuni awiri, nde ndinakweza zala ziwiri, kuseri kwa dzanja kutayang'ana kwa iwo. Nkhope yawo inafiira ngati tomato, amene anali bedi loyandikana kuseka mpaka kutsokomola. Sisitala wa wodi anandikokera pambali akuti kuno zala ziwiri chikhatho chitayang'ana kwa iwe mwini ndi chitukwano chachikulu, ukafuna kunena kuti ziwiri chikhatho chiziyang'ana kwa munthuyo. Kungotembenuza dzanja basi, uku mtendere uku kutukwana. Chinanditonthoza nchoti George Bush wamkulu uja wa ku America anachitanso zomwezo ku Canberra mu 1992 ali mgalimoto, kukwezera anthu a ku Australia zala ziwiri chotembenuza, pulezidenti wathunthu wokhala ndi alangizi ambirimbiri, nanga ine ndani

Kambuku:
Mwaonatu, Bush anapepesa kwa ndani? Akakhala wamkulu zimangodutsa, akakhala mwana wasukulu azilira usiku wonse.

Aphunzitsi Opuma:
A Kambuku, pamenepo mwanena mfundo, koma sizimangodutsa monga mukuganizira. Mu April 2013 Bill Gates anapereka moni kwa pulezidenti wa South Korea, mayi Park Geun-hye, dzanja limodzi lili m'thumba la buluku. Kutacha chithunzicho chinali patsamba loyamba la nyuzipepala za kumeneko, anthu akukangana ngati ndi mwano kapena ndi chibadwa chake chabe. Ku Korea munthu wamkulu umampatsa moni dzanja lina litachirikiza mkono, ndipo ukamamwa naye umatembenukira kumbali. Chuma chake chonse chija sichinamuteteze kumilomo ya anthu. Kusiyana kwake nkwakuti iye anakwera ndege nkumapita, pamene mwana wathuyu mawa m'mawa akumana ndi mayi amenewo pakhonde.

Ndiwonjezere kena popeza ndayamba. Liwu lija Angerezi amatchulira zinthu zoletsedwa, taboo, si lawo. Analitenga ku zilumba za Tonga, komwe amati tapu, ndipo amene analilemba ndi James Cook, Mngerezi woyenda panyanja, atafikako mu 1777, ataona kuti pali zinthu zomwe anthu sakhudza, sadya, ndi malo omwe salowa. Ine ndikamaonetsetsa, zoletsa zambiri padziko zimazungulira pa imfa, pa uve wa m'thupi, ndi pa kusiyana kwa wamkulu ndi wamng'ono. Wotchi ndi timitengo, imfa. Masilipasi a mchimbudzi, uve. Dzanja m'thumba, ukulu. Dzanja lamanzere lomwe ku India ndi m'maiko a Aluya sadyera kapena kuperekera chinthu, nkhani yake ndi yomweyo ya uve, chifukwa ndi limene amadzisambitsira akachoka kuchimbudzi. Ukafika kwa eni, ukangofunsa kuti maliro amachita bwanji, chauve nchiyani, wamkulu amamulemekeza bwanji, wapewa zambiri.

Dalaivala wa Thiraki:
Aphunzitsi mwalasa. Ku Tanzania ine ndinkangofika pa geti ya depoti nkuti habari kwa mlonda, bambo wachikulire waimvi, iye kuyankha mozizira, mapepala anga kuchedwa tsiku lililonse. Kondakitala wina ndi amene anandiuza kuti munthu wamkulu chonchi umayamba ndi shikamoo, iye ayankhe marahaba, kenako nkhani zina. Tsiku lomwe ndinayesa mdala uja anamwetulira mano onse panja, kuyambira pamenepo geti imatseguka ndisanaimbe hutala

Mwana wa ku Sofia:
Aphunzitsi ndikutsutsaniko pang'ono mwaulemu. Zina sizilowa m'magulu anuwo, zimangokhala kuti chizindikiro chomwecho kwina chimanena zina. Ku Bulgaria kuno kugwedeza mutu chokweza ndi kutsitsa ndi ayi, kupukusa uku ndi uku ndi eya. Palibe imfa palibe uve. Ine mwezi woyamba ndinafunsa dalaivala wa basi ngati ikupita ku siteshoni ya sitima, anapukusa mutu, ine nkutsika, basi yomwe ndimaifunayo nkumapita ndikuiyang'ana mvula ikundinyowetsa. Choipa kwambiri nchoti achinyamata ena akaona kuti ndiwe mlendo amatembenuza kuti akuthandize, nde sudziwanso kuti akugwedeza mwa chikwawo kapena mwa chikwanu. Pano ndimangoti nenani ndi pakamwa, da kapena ne.

Aphunzitsi Opuma:
Wanena zoona mwanawe, ndavomera. Zimenezo ndi chinenero cha thupi, monga zala za anesi zija. Ku Greece kutambasulira munthu chikhatho kumaso zala zonse zitatanuka ndi chipongwe, ku Brazil kachizindikiro kopanga bwalo ndi chala chachikulu ndi cholozera ndi kolaula. Ndinaphatikiza zosaphatikizika.

Kambuku:
Chabwino, koma funso langa silinayankhidwe. Malire ali pati? Ndikapita dziko lina ndisiye umunthu wanga wonse pa eyapoti? Mawa akandiuza kuti gwadira fano ndigwade chifukwa ndi chikhalidwe chawo?

Mai a Mapasa:
Palibe wanena zogwadira fano apa a Kambuku musatisokoneze. Kusagula wotchi sikukuchotserani chipembedzo

Wa ku Muscat:
Achimwene a Kambuku funso lanu ndi labwino, ine ndiliyankha mmene ndikukhalira ku Oman kuno zaka zisanu. Pali zinthu zomwe akufuna kuti usachite pamaso pawo, pali zomwe angafune kuti uchite nawo. Zoyambazo sizikudyera kanthu. Mwezi wa Ramadan ine sindisala, palibe wandikakamiza kusala, koma sindimwa madzi pamsewu masana pamaso pa anthu amene akhala ndi ludzu kuyambira mbandakucha, ndimakamwera m'chipinda. Mzimayi sindiyamba ndine kumutambasulira dzanja, ndimaika dzanja pachifuwa nkuwerama pang'ono, akatambasula yekha ndi pomwe ndimagwira. Ndikakhala pansi pa kapeti ndimapinda miyendo kuti kuphazi kwanga kusaloze munthu. Ndataya chani pamenepo? Koma kupemphera nawo sindipemphera ndipo amadziwa, sanakwiyepo. Nkhani ya phazi ndi nsapato kuno si yamasewera, mukukumbuka mtolankhani uja Muntadhar al-Zaidi anagenda George W. Bush ndi nsapato zake zonse ziwiri ku Baghdad mu December 2008? Anthu akutali ankangoseka kuti Bush amadziwa kuzinda, koma kwa Aluya kusankha nsapato kunali kunena kuti ndiwe wapansi kuposa fumbi lomwe ndimaponda. Chimodzimodzi mu April 2003 chipilala cha Saddam Hussein, yemwe anali pulezidenti wa Iraq, chitagwetsedwa anthu ankachimenya ndi nsapato osati ndi miyala yokha.

Ndisaname, yanga inaliponso. Bwana anandiitana kwawo, khofi wawo uja wa cardamom amathira pang'ono pansi pa kakapu kopanda chogwirira. Ndamwa, ndabweza kapu, mnyamata wathiranso. Ndamwa, ndabweza, wathiranso. Ine ndikuti kukana ndi mwano, iye akuti mlendoyu akufunabe. Ndinafika makapu asanu ndi awiri mtima ukugunda ngati ng'oma, mpaka mdala wina anandigwira dzanja nkundionetsa kuti ukakhuta umagwedeza kakapuko pang'ono uku ndi uku pobweza. Usiku umenewo sindinagone.

Nesi wa Usiku:
Makapu 7 kkkkk mukanabwera ku wodi kwathu tikanakuyezani BP

Bambo a Tadala:
Zokanakanazi nzovuta kulikonse. Ku Dubai ndinali ndi mnzanga wa ku Iran wogulitsa makapeti, tsiku lina ndinayamikira cholembera chake chasiliva, iye nkuti tengani ndi chanu. Ine ndinati zikomo kwambiri nkuika m'thumba la shati. Nkhope inasintha koma anamwetulirabe. Kenako ndinamva kuti kwawo kuli chomwe amati taarof, munthu amakupatsa ndi pakamwa chabe, iwe uyenera kukana kawiri katatu, akaumirirabe ndi pomwe ukudziwa kuti akunenetsa. Ngakhale wa takisi ku Tehran ukamufunsa mtengo amayamba wanena kuti sizoyenera kulipira, koma tayesani kutsika osalipira muone. Cholembera chija ndinakabweza ulendo wotsatira, ndinanama kuti ndinangobwereka, tonse tinadziwa kuti ndi bodza koma tinaseka nkumwa tiyi.

Kambuku:
Ndiye chinyengo chimenecho, kupereka chinthu usakufuna kupereka. Anthu amenewa

Admin:
A Kambuku ndachotsa mbali yomaliza ya meseji yanu. Tsutsani mchitidwe, osanyoza mtundu wa anthu, lamulo la gulu lino mukulidziwa.

Anaphiri ku Köln:
Si chinyengo a Kambuku, ndi sewero lomwe onse awiri akudziwa malamulo ake, vuto limabwera akalowa wachitatu wosadziwa. Ku Germany kuno ndi mbali inayo, ukakana chakudya kamodzi poyembekeza kuti akukakamiza, mbale imachotsedwa basi ugona ndi njala, kwa iwo ayi ndi ayi. Ndipo musaganize kuti azungu alibe zikhulupiriro, ine ndinamufunira mnzanga wakuntchito tsiku lobadwa labwino Lachisanu chifukwa tsiku lake limagwa Lamlungu ndipo sitikanaonana, ofesi yonse inakuwa kuti ayi ayi usatero, kuno kufunira munthu tsiku lisanafike amati nkumuitanira tsoka. Anthu ophunzira, mainjiniya. Mnzanga wa ku Russia naye anandiuza kuti kwawo maluwa ukamapatsa wamoyo azikhala 3, 5, 7, a nambala yogawika pawiri ndi a kumanda. Ku France maluwa aja amati chrysanthème ndi oika pamanda pa 1 November, sungapite nawo kwa apongozi.

Koma ndikufuna ndichenjeze za zina zomwe si manyazi chabe, ndi ndende. Kuno kukweza mkono mwa sailuti ya Hitler ndi mlandu, mpaka zaka zitatu. Mu August 2017 alendo awiri ochokera ku China anamangidwa ku Berlin akujambulana choncho kutsogolo kwa nyumba ya malamulo ya Reichstag, anatuluka atalipira 500 euro aliyense. Mwina kwa iwo kanali kanthabwala ka pachithunzi.

Wa ku Nagoya:
Thailand nayonso. Kunyoza mfumu ndi mlandu pa lamulo lawo la Section 112, zaka 3 mpaka 15 pa mlandu umodzi, ndipo mlendo samusiya. Ndalama yawo ya baht ili ndi nkhope ya mfumu nde ikagwa nkumagubuduzika usaiponde kuti iime, phazi kumeneko ndi chinthu chonyozeka kwambiri pathupi, mutu ndi wopatulika, ngakhale kamwana kokongola bwanji sukasisita pamutu

Aphunzitsi Opuma:
A Kambuku, malire amene mukufunsawo mwina aonekera pa nkhani iyi. Mu May 2015 gulu la alendo linakwera phiri la Kinabalu ku Sabah, m'dziko la Malaysia, nkuvula zovala pamwamba pake kuti ajambulitse. Eni dera, a Kadazan-Dusun, amakhulupirira kuti mizimu ya makolo awo imapumula paphiripo. Wowatsogolera anawaletsa, iwo osamva. Pa 5 June kunachita chivomerezi chomwe chinapha anthu 18 paphiri lomwelo, ndipo anthu ambiri kumeneko anati nchifukwa cha chipongwe chija. Ine sindikhulupirira kuti kuvula kumagwedeza nthaka, ndinaphunzitsa jogalafe zaka zambiri. Koma anayi mwa alendowo anagona m'ndende masiku atatu nkulipira 5,000 ringgit aliyense, ndipo sindiwamvera chisoni. Mwana wathuyu sanadziwe. Awo anauzidwa nkuderera. Eni ake amasiyanitsa ziwirizi mosavuta, nchifukwa chake wina anamufunira 1 yuan, ena anawafunira apolisi.

Kambuku:
Apo nde ndamva. Koma ndikanali kunena kuti mayi aja akanamuuza mwanayu pomwepo chifukwa chake, osamusiya masiku atatu akudzidya mtima

Mai a Mapasa:
Apa ndili nanu a Kambuku, koyamba lero kkkk

Bambo a Tadala:
Sakanamuuza pagulu, kumeneko kumukonza munthu pamaso pa anthu nkumuchotsa nkhope, iwo amati mianzi, ndipo amaiteteza kwambiri, yako ndi yawo yomwe. Komanso kufotokoza kukanafuna kuti atchule liwu la maliro lomwelo patebulo la phwando. Mwina akudikira kuti iye ayambitse. Safunsa anadya phula mwana wanga, pita ukawafunse.

Mwana wa ku Sofia:
Chinanso tisatenge zonsezi ngati malamulo a pamwala. Mindandanda ya pa intaneti ija yoti zinthu khumi zosachita ku dziko lakuti imapangitsa munthu kuyenda ngati ali pa mazira. Dziko si munthu mmodzi, mnyamata wa ku Shanghai wa zaka 22 mwina wotchiyo akanailandira nkuseka, agogo a zaka 70 nkhani ina. Mnzanga wa ku Mumbai ndi wamanzere ndipo amalemba ndi kumwa ndi manzere, koma akuti kwa agogo ake kumudzi amadyera lamanja. Ine ndimangoyang'ana amene ali wamkulu pamalopo ndi mmene ena akuchitira naye, ndimachedwa dala theka la miniti pa chilichonse, kukhala, kudya, kumwa

Nachisale:
Zikomo nonse abale mtima wakhala pansi. Ndatuluka pompano ndagula zipatso zoti ndikapepesere madzulo ano akabwera kuntchito, ndapeza ma pear okongola akuluakulu anayi, aja otsekemera amadzimadzi

Bambo a Tadala:
IMA POMWEPO

Mai a Mapasa:
Kkkkkkkkk mwana uyu atipha

Bambo a Tadala:
Mwana wanga chipatso chimenecho amati li, ndipo chimamveka ngati liwu loti kusiyana, nchifukwa chake anthu okondana sagawana pear mmodzi. Ndiye anayi? Folo amati si, imfa amatinso si, kungosiyana kakwezedwe ka mawu. Sunaone kuti mu lifiti zambiri kumeneko 4 ndi 14 palibe? Wachoka pa wotchi wapita pa tisiyane ndi imfa kkkk. Idya wekha amenewo. Kagule malalanje kapena manachesi, akhale 6 kapena 8, eyiti ndiye nambala yomwe amaikonda chifukwa imamveka ngati kulemera, paja masewero a Olympics a ku Beijing anawatsegula pa 8 August 2008 nthawi ya 8 koloko madzulo, sizinangochitika. Ambulera usagule, nsapato usagule, mpeni usagule, ndipo mwamuna wa mayiwo usadzamugulire chipewa chobiriwira ngakhale chitatchipa bwanji, chimenecho chimatanthauza kuti mkazi wake akumuyenda njomba. Popereka gwira ndi manja awiri, akakana kawiri usabweze m'jumbo, umirira.

Nachisale:
Lifiti ya kusukulu ilibedi 4, ine ndimayesa kuti batani linawonongeka. Ndabwerera kumsika

Nesi wa Usiku:
Utiuze mmene ziyendere, ine ndili pa shifiti mpaka m'mawa ndizisuzumira

Nachisale:
Ndabwera abale. Manachesi 8 mu jumbo yofiira. Anakana kawiri monga munanenera Bambo a Tadala, kachitatu analandira. Ndinayamba kupepesa ndi Chitchaina changa chothyokathyoka, ndisanamalize mayi aja anaseka mpaka kukhala pampando akupukuta misozi, akuti iwo amaopa kuti ine ndakwiya ndi 1 yuan ija nde amasowa poyambira, masiku onsewa tonse timazembana. Akuti amene anakhumudwa kwenikweni ndi azakhali aja basi, agogo alibe nazo ntchito, akumauza anzawo osewera nawo mahjong kuti anagula wotchi yathabwa pa 1 yuan kwa mwana wa ku Africa ndipo palibe anagulapo chinthu motchipa choncho mu Guangzhou yense. Aikhoma kukhitchini osati kuchipinda kwawo, pamenepo azakhali anaumirira. Ndinawauzanso za ma pear anayi aja, anandimenya kambama kapamkono akuti usadzagulenso kanthu osandifunsa. Andiitana ku chaka chatsopano chawo, akuti popeza sindili pabanja ine ndi wolandira maenvulopu ofiira a ndalama aja osati wopereka

Wa ku Nagoya:
Akakupatsa usatsegule pamaso pawo

Nachisale:
Chimenecho andiuza kale okha kkkk. Ma pear ndadya awiri, awiri ndampatsa mnzanga wa ku Ghana wa chipinda chapafupi, ndi dzanja lamanja